Kupita ndi Tsitsi Kwathu ku Chiuta

Tinanyamuka ku Halale pa 17 Disembala mu 1955, ine ndi mkazi wanga Tsitsi, kukadya Khirisimasi kwathu ku Chiuta. Ulendowu sanali maganizo anga. Ine ndikanakonda kukhala pa makina anga osokera mpaka chaka chithe, pakuti mwezi umenewo ndiye wa matelala. Koma Tsitsi anali atandikakamiza zaka zitatu.

"Baba," ankatero, poti ndi mmene akazi a Chizezuru amaitanira amuna awo, "kwathu ng'ombe munapereka, abale anga onse mukuwadziwa. Ine ndidzafe osawaona apongozi anga?"

Zinali zitakwana zaka khumi chichokereni kwathu. Ndinachoka ndili mnyamata, nditasiya mkazi, dzina lake Marita, ali ndi pakati pa miyezi isanu. Ndinamuuza kuti ndikungokafuna ya msonkho ndi nsalu, ndibwera mvula ikamayamba. Mvula inayamba kakhumi ine osabwera. Zimenezi Tsitsi sankazidziwa.

Makalata ankabwera ndithu. Amayi ankalankhula, mphunzitsi wa pamudzi n'kumalemba. Tsitsi sukulu sanapiteko, ndiye kalata ikafika ankakhala pansi pafupi ndi makina kuti ndimumasulire m'Chishona. Pamene panalembedwa kuti mkazi wako akulira, ine ndinkati, "Amayi akupereka moni kwa mpongozi wawo." Pamene panali za mwana, ndinkati, "Akuti nsomba zachuluka chaka chino, udzabwere udzadye." Iye ankaomba m'manja mwachikwawo, n'kupinda kalatayo bwinobwino. Anali nawo anayi, omanga m'kansalu, ndipo pa ulendowu anawaika pachifuwa pamodzi ndi chitupa.

Tinakwera lole yofunditsa tenti, ya matchona obwerera kwawo. Mmenemo munali njinga, mabokosi a malata, magalamafoni, ife anthu titakhala pamwamba pa katunduyo ngati nkhuku. Pafupi ndi ine panakhala bambo wina wachikulire, a Bwanali, Myao wa ku Ntaja, amene ankachokera ku migodi ya malasha ku Wankie. Ankatsokomola pafupipafupi, ndipo birika yawo ya madzi osambira popemphera sankaisiya pansi.

"Mayiwa dzina lawo ndani?" anandifunsa titangodutsa nyumba zomaliza za m'tauni.

"Tsitsi."

"Tsitsi? La m'mutuli?"

Lole yonse inafa nacho chikhakhali. Ndinafotokoza kuti kwawoko dzinali limatanthauza chifundo.

"Ndiye mwakwatira bwino, achimwene," anatero a Bwanali. "Chifundo n'chimene matchonafe tikupita kukapempha."

Ena anasekanso. Ine ndinayang'ana kunja.

Tinagona pa Mtoko. Ndinadziuza kuti ndimuuza Tsitsi za Marita tikadutsa malire. Pa malirepo Mpwitikizi wina anatifoletsa padzuwa, kuona zitupa chimodzichimodzi, kubwezera, kuitanitsanso. Atafika pa Tsitsi anafunsa chimene mkazi wa ku Rhodesia akukafuna ku Nyasalande. Iye anayankha mokweza, mosangalala, kuti akukaona mayi wa mwamuna wake. Nditamva zimenezo ndinati iyayi, pano ayi, ndikamuuza pa Tete.

Pa Tete tinakhala tsiku lathunthu kudikira pantoni yowolotsa magalimoto pa Zambezi. Kumeneko kumatentha koti munthu umaiwala dzina lako. Tinabisala pansi pa lole, ine n'kuyamba kuwodzera. Ndinadzidzimuka nditamva kuphwaphwatika kwa pepala. Tsitsi anali atamasula kansalu kaja, akupereka kalata kwa a Bwanali.

"Ndiwerengereni m'chinenero chawo chenicheni," ankatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Ndimve mmene amalankhulira."

A Bwanali anaitembenuza kalatayo uku ndi uku. "Pepani mama, zilembo za azungu sindizidziwa. Ine ndimawerenga za ku madrasa, zoyambira kumanja."

Pobweza kalatayo anandiyang'ana. Thukuta limene linali pankhope panga silinali la dzuwa la pa Tete, ndipo iwo anaona. Titawoloka, lole itaima kuti injini izizire, ananditengera pambali.

"Achimwene, m'kalata muja muli njoka?"

Ndinawauza zonse. Anali munthu woyamba kumuuza m'zaka zonsezo. Anatsokomola nthawi yaitali, n'kulavula.

"Muwauze asanaone denga la mayi anu," anatero. "Choipa chomva kwa mwini wake chimapola. Chomva kwa anthu chimatukusira."

Ndinavomera. Pa Zobue ndinavomeranso mumtima, pa Mwanza chimodzimodzi. Tinalowa mu Blantyre madzulo a tsiku lachinayi ndisanatsegule pakamwa.

Kuchokera ku Blantyre njira yachidule yopita kwathu inali ya ku Zomba, kutsika pa Kasupe mpaka Liwonde, osawoloka Shire n'komwe. Basi yake inalipo m'mawa mwake. Ine ndinauza Tsitsi kuti yadzaza. Ndinapeza lole ya Mmwenye yonyamula mchere ndi palafini, yodzera ku Matope kupita ku Balaka, masheleni anayi munthu mmodzi. Inali njira yozungulira, ndipo ndinaisankha dala kuti ndipeze tsiku lina. A Bwanali, amene basi inawakanira njinga yawo, anakwera nafe. Atamva bodza langa la basi anangopukusa mutu.

Tili pafupi kufika pa Balaka supuling'i ya kumbuyo inathyoka. Dalaivala anadula mtengo wa tsanya, n'kuumangirira ndi waya, ndipo tinalowa m'tauni tikuyenda ngati maliro. Tinagona pakhonde la sitolo.

M'mawa Tsitsi anagula shuga, masamba a tiyi ndi machesi, zoti akawonjezere pa bulangete la apongozi ake. Kenaka anandikokera kuseri kwa sitoloyo, kumene kunalibe anthu, n'kugwada pafumbi.

"Tandimverani ngati ndikukhoza. Muli bwanji, amayi? Ine ndine mpongozi wanu. Ndabwera kudzakuonani."

Ankatchula mawu alionse mosamala, atazolika, manja ali pamodzi. Chapatali pang'ono sitima yopita kumwera inali itaima pa siteshoni, ikufuka utsi. Ndinaganiza zoti ndiname kuti ndadwala, tikwere, tibwerere.

"Tsitsi," ndinatero, "kwathu kuli nkhani."

"Nkhani yanji, Baba?"

Anadzutsa nkhope, akumwetulirabe chifukwa cha moni wake uja.

"Kuli udzudzu wambiri. Uzidzafunda kumutu."

Anaseka, n'kusasa fumbi m'mawondo.

Pakati pa Balaka ndi Liwonde si patali, koma tinayendapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Mvula inali itagwa usiku, msewu wonse uli makande okhaokha. Lole ina imene tinaipeza, ya wogula fodya, inatitimira katatu. Amuna tinkatsika, kudula nthambi, kuyala pansi pa matayala, kukankha, matope n'kutithira kumaso. Ulendo wachitatu nsapato yanga imodzi inatsalira m'matope, ndinachita kuifukula ndi manja. Tsitsi ali pamwamba pa lole ankandiseka, akuuza amayi anzake kuti mwamuna wake ku Halale amavala tayi.

Pa Liwonde tinapeza magalimoto asanu ali pamzere. Shire anali atadzaza, ndipo zisumbu za udzu zoyandama zinali zitakola chingwe chimene amakokera pantoni. Anthu a pantoniyo anali m'mabwato ndi zikwanje, kudula udzuwo, akuimba m'Chiyao. Akachotsa chisumbu chimodzi, china chinkabwera. Wamkulu wawo anati mwina mawa. Tinagona pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi anthu ena ambiri.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, ndinapita kukagula chambo chootcha ndi chinangwa kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa doko. Ndinachedwako, pakuti nsomba zinali zisanapse. Pobwera ndinaona Tsitsi atakhala ndi mayi wina wovala nsapato zoyera, namwino amene ankabwerera kuntchito ku Zomba. Ndinamva pambuyo pake kuti mayiyo anangofunsa mudzi umene tikupita, Tsitsi n'kulephera kuutchula, ndiye anatulutsa kalata kuti aone pamwamba pake. Mmene ndinkafika n'kuti namwinoyo akuwerenga kale, mokweza, pang'onopang'ono kuti mlendo amve.

"Mwana wanga Lukasi, ndine mayi ako. Kalata ino ndi yachinayi iwe osayankha. Mkazi wako Marita watopa ndi kudikira, abale ake akuti amumasule. Mwana wako Agnesi ali ndi chilonda pamwendo..."

Namwinoyo anaima. Anayang'ana Tsitsi, n'kuyang'ana ine ndi nsomba zanga m'manja.

"Pitirizani," anatero Tsitsi.

"Mayi, mwina amuna anu..."

"Pitirizani."

"Chilondacho chikununkha, mwana sakuyenda. Tumiza kangachepe timutengere kuchipatala. Ngati unafa, anzako atiuze, timete."

Chinyanja ndi Chishona zimasiyana, koma pa mawu akuti mkazi wako ndi mwana wako n'zapachibale. Panalibe chofuna womasulira. Ena mwa anthu amene anali pansi pa mtengowo anayamba kusuntha. Namwino anapinda kalatayo, n'kuiika pamwendo pa Tsitsi, n'kunyamuka.

Ndinayembekeza kuti alira kapena anditukwana. Iye anangoyang'ana madzi. Atalankhula, analankhula motsitsa, m'Chishona.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikumwa mizu yowawa kuti ndikuberekereni mwana woyamba. Inu mukundiyang'ana, mwana muli naye."

"Ndimafuna ndikuuze."

"Kalatayi inabwera liti?"

"Zaka zitatu zapitazo."

"Ndikuikumbuka. Munati amayi akufunsa ngati ndimadziwa kuphika nsomba." Anagwira kalata ija pamwendo pake. "Ndalamazo munatumiza?"

Ndinayang'ana nsomba zimene zinali m'manja mwanga.

"Nanga mwendo wa mwanayo?"

"Sindikudziwa."

Apo mpamene anandiyang'ana. Ndakalamba tsopano, ndaona anthu okwiya ambiri, koma nkhope ija sindinaionenso kwina. Anandiyang'ana ngati munthu amene wakumana naye koyamba ndipo sanamukonde.

Panali lole yobwerera ku Balaka, dalaivala wake atatopa ndi kudikira. Ndinamuuza kuti ngati akufuna, ndimuperekeza akakwere sitima, abwerere kwawo.

"Ndabwera kudzaona apongozi anga," anatero. "Ndiwaona. Ndikufunanso ndikaone mwendo umenewo."

Nsomba zija anadya ndi a Bwanali ndi anthu ena. Chingwe chinamasuka chakumadzulo, ndipo tinawoloka titaimirira m'mbali mwa lole, amuna asanu ndi atatu akukoka ndi manja. Tsitsi anaima mbali ina, ine mbali ina. Tinafika pa Ntaja kukuda. M'mawa a Bwanali anamasula mapepala amene anakulunga njinga yawo, n'kutsanzikana ndi Tsitsi kaye, mwaulemu, atavula chisoti. Kwa ine anangoti, "Ndinakuuzani, achimwene. Koma pitani, mwatsala pang'ono. Mulungu ndi wamkulu."

Kuchokera pa Ntaja kunalibe galimoto. Tinayenda pansi. Ndinafuna kunyamula mtolo wa bulangete ndi shuga, iye anandilanda n'kusenza yekha. Ankayenda patsogolo ngakhale njira sankaidziwa, akafika pa mphambano n'kuima osacheuka, kudikira kuti ndinene kumanja kapena kumanzere. M'madambo madzi ankafika m'mawondo. Tinkakumana ndi ogula nsomba akukankha njinga zolemedwa ndi madengu, ndipo mmodzi wa iwo anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Si Lukasi uyu?" Ndinapitirira ngati sindinamve.

Tinafika masana a pa 24. Amayi anali pa thandala kuseri kwa nyumba, akutembenuza nsomba zoyanika. Anali atachepa thupi, msana utapindika.

"Odi, amayi."

"Ndani?"

"Ndine Lukasi."

Sanalulute. Anagwira mtengo wa thandala, n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Anthu anathamangira. Pakati pa phokosolo Tsitsi anatula mtolo wake, n'kugwada patsogolo pawo.

"Muli bwanji, amayi? Ine ndine mpongozi wanu. Ndabwera kudzakuonani."

Sanalakwitse ngakhale liwu limodzi. Amayi anapukuta maso, n'kutembenukira kwa ine.

"Awa ndani?"

Tsitsi anamva. Anatseka maso kanthawi, kenaka anandiuza kuti ndimasulire zimene anene, ndipo ndisachotsepo kanthu. Ndinaimirira pamenepo, pamaso pa amalume anga ndi mudzi wonse, kunena ndi pakamwa panga kuti mayiyu ndi mkazi wanga, kuti sankadziwa za Marita kapena za mwana, ndiponso kuti makalata onse ndinkamuwerengera zabodza. Ndikafewetsa mawu, Tsitsi ankazindikira, n'kubwereza.

Amayi anamvetsera mpaka pamapeto. Anatenga dzanja la Tsitsi, n'kuliyang'ana mkati ndi kunja.

"Alowe m'nyumba, atopa," anatero. "Iwe ukagona kwa amalume ako."

Khirisimasi tinapempherera m'katchalitchi kathu kofolera udzu. Wansembe sanafike chifukwa cha madzi, anatsogolera ndi mphunzitsi yemwe uja ankalemba makalata. Tsitsi anali wa mpingo wina, ndipo anavala bulauzi yofiira ya amayi a mpingo wakewo. Anakhala kumbali ya akazi pafupi ndi amayi, osadziwa pogwada ndi poimirira, akungotsatira. Anthu ankayang'ana iye kuposa kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo.

Titatuluka ndinamuona Marita. Anali ndi khanda kumbuyo, pambali pake pali mwamuna wamtali wa manja a nkhafi. Anali a Jailosi, msodzi amene anamukwatira abale ake atamumasula. Marita anabwera yekha, n'kupinda mawondo pang'ono.

"Mwafika bwino?"

"Tafika bwino, kaya inu tinakusiyani?"

"Tilipo."

Anandipatsa moni ngati wogula nsomba wochokera kutali. Mkwiyo ndikanaulandira, koma panalibe. Kenaka anacheuka.

"Agnesi, bwera upereke moni kwa alendo."

Mtsikana wa zaka khumi anatuluka pakati pa anzake. Nkhope inali ya amayi anga, mphumi ndi yanga. Mwendo wakumanzere unali wowonda, chidendene chosafika pansi, ndipo poyenda thupi lonse linkapendekera mbali imodzi. Kuyambira pa akakolo mpaka pakati pa msongolo panali chipsera chonyezimira. Anagwada movutikira, n'kundipatsa dzanja.

"Amenewa ndi bambo ako okubereka," anatero amayi anga.

Mwanayo anandiyang'ana, n'kuyang'ana a Jailosi, ngati akufunsa chilolezo. A Jailosi anagwedeza mutu. Ndi iwo amene anamunyamula pa njinga yobwereka mpaka ku Zomba, ndinamva tsiku lomwelo kwa amalume. Adokotala anati akanabwera miyezi itatu m'mbuyomo mtsempha sukanakhudzidwa.

Tsitsi anagwada pafumbi ndi bulauzi yake yofiira. Anagwira mwendo uja ndi manja awiri, n'kuyendetsa chala pachipseracho, misozi ikugwera pa phazi la mwanayo. Pa Liwonde sanalire, analira apa. Marita anamuyang'ana kanthawi, kenaka anawerama n'kumudzutsa pomugwira pamkono. Chinyanja cha Tsitsi chinali chochepa, koma panalibe amene anandipempha kuti ndimasulire.

Masana kunali mpunga ndi nkhuku, kunali thobwa, achinyamata anavina mpaka fumbi. Anthu ankabwera kudzaona mkazi wa ku Halale amene amaomba m'manja polandira madzi akumwa. Amayi anafunda bulangete lawo latsopano dzuwa likuswa mtengo, n'kumayenda nalo nyumba ndi nyumba. Ine chakudya chinkandikanika.

Tinakhala mpaka chaka chatsopano. Masiku amenewo Tsitsi ankapita ndi amayi kukatumbula nsomba kudoko, n'kuphunzira kupalasa bwato, akazi anzake akumuseka. Ine ankandiyankha pokhapokha pakhale anthu. Sanandisiye. Tinakhala limodzi zaka zina makumi awiri ndi zitatu mpaka pamene anamwalira, ndipo mwana sitinakhale naye. Nsalu ndi ndalama za sukulu za Agnesi ankatumiza ndi iye, kudzera kwa munthu wina wa kutchalitchi kwawo, osati ine. Koma kuseka kuja ankandiseka pamwamba pa lole sikunabwererenso kwenikweni.

Tsiku lonyamuka anatiperekeza anthu angapo mpaka pa dambo loyamba. Agnesi anabwera nawo, akutsalira m'mbuyo chifukwa cha mwendo. Ndinachepetsa liwiro kuti tiyende limodzi. Masiku onsewo anali asanandilankhule kupatula moni.

"Kodi ku Halale n'kutali?" anafunsa.

"N'kutali ndithu."

"Mumayenda miyezi ingati?"

"Iyayi, si miyezi. Ife tayenda masiku asanu ndi atatu chifukwa cha mvula. Msewu ukakhala wabwino, masiku asanu munthu wafika."

Anaima. Anatambasula dzanja lake, n'kuyang'ana zala zisanuzo.

"Asanu okha?"

"Eya."

"Amayi ankandiuza kuti simubwera chifukwa n'kutali kwambiri."

Sankandiimba mlandu. Ankangodabwa, monga mwana amene wauzidwa chinthu chatsopano. Anadikira pang'ono kuti mwina ndinenapo kanthu. Ataona kuti palibe, anagwada, n'kunditsanzika mwaulemu, n'kutembenuka kubwerera kumudzi. Ndinaima m'madzi a m'dambo kumuyang'ana akupendekera kumanzere, kupendekera kumanzere, mpaka analowa m'chimanga.